Maikulosikopu ku Mangochi: Magazi Tinawaona, Nanga Masamba?

Maikulosikopu si chida chachilendo kuno kumwera kwa nyanja. Aliyense amene anabayidwapo chala pachipatala cha Mangochi, ku Malindi kapena ku Monkey Bay, n'kukhala pabenchi kudikira zotsatira, anathandizidwa nacho ngakhale kuti mwina sanachione ndi maso. Chapima magazi athu, mikodzo ya ana athu, makhololo a odwala chifuwa chachikulu, mpaka zam'mimba mwa chambo. Koma ine amene ndinakalambira pa choko, kuphunzitsa bayoloje m'masukulu a m'mbali mwa nyanjayi, chimandiwawa n'chakuti tsamba, lomwe limadyetsa tonsefe, ndilo lakhala kumapeto kwa mzere nthawi zonse. Akatswiri anayamba kutola masamba a kuno zaka zoposa 160 zapitazo, koma kokawayang'anitsitsa kunali kwina, kutsidya kwa nyanja zamchere.

Poyamba ndinene chimene chili patsamba choti munthu n'kuchipima. Khungu la tsamba lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, timene a sayansi amati stomata. Kabowo kalikonse kali pakati pa maselo awiri, amene pa zomera zambiri amaoneka ngati nyemba ziwiri zoyang'anizana. Maselowa akakhuta madzi amatupa n'kupindika, kabowo n'kutseguka. Akaphwa, kabowo kamatsekeka. Pamenepo ndi polowera mpweya wa carbon dioxide umene chomera chimapangira chakudya, ndipo pomwepo ndi pothawira madzi. Ndiye kuti mbewu singadye osataya madzi. Mwa madzi onse amene mizu imakoka m'nthaka, oposa magawo 95 pa 100 amangodutsa m'thupi la mbewu n'kuuluka. Kuchepa kwa timabowoti n'kodabwitsa. Mukagawa milimita imodzi ka 1,000, kagawo kamodziko ndi maikulomita, ndipo kabowo kotseguka bwino kawirikawiri sikapitirira maikulomita 10 m'lifupi mwake. Pa kachigawo ka tsamba ka milimita imodzi uku ndi uku pamatha kukhala timabowo makumi angapo, pena mazana.

Makolo athu sanaonepo kabowo ngakhale kamodzi, koma ntchito yake ankaidziwa bwino. Anganga anga, amene ankalima dimba cha ku Nankumba, sankalola mwana kuwokera tomato kapena mpiru dzuwa lili paliwombo. Ankati dikirani lipendeke, ndipo mukawokera muphimbe ndi masamba a mango mpaka mbande itagwira. Mphukira ya nthochi ankaisadza masamba asanaibzale. Mbewu ya mbatata ankaisunga pamthunzi atafunditsa chiguduli chonyowa. Alimi a fodya a ku Namwera mpaka lero amameta mbande panazale ndi kuzichepetsera madzi masiku owokera akayandikira, kuti zikhwime. Zonsezi mutu wake ndi umodzi: mbewu imene mizu yake yasokonezedwa isakhale ndi masamba ambiri otayira madzi, ndipo isakumane ndi dzuwa la masana. Anthuwa anaphunzira pa mbewu zimene zinawafera m'manja, ndipo nzeru zoterozo ine sindizichepetsa.

Mitengo ya kuno nayo ili ndi njira zake, zimene aliyense woyenda pa msewu wa Liwonde kupita ku Monkey Bay mu Okutobala angazione. Mlambe umayoyola masamba onse chilimwe chikamayamba, n'kuima mbulanda miyezi ingapo. Tsanya amapinda masamba ake awiriawiri kutentha kukafika povuta, n'chifukwa chake mthunzi wake suthandiza munthu masana. Msangu ndiye wosiyana ndi anzake: umakhala ndi masamba m'chilimwe n'kuyoyola m'dzinja, poti mizu yake imafika pa madzi apansi. Kakombo wa m'mbali mwa Malombe timabowo take tili pamwamba pa tsamba, chifukwa kunsi kwagona pamadzi. Khonje ndi chinanazi amatsegula usiku n'kutseka masana.

Oyamba kuona timabowoti pagalasi anali Marcello Malpighi wa ku Italy, amene anatijambula m'buku lake la 1675, ndi Nehemiah Grew wa ku England m'buku la 1682. Kuona anaona ndithu, koma panapita zaka pafupifupi 200 kuti wina afotokoze katsegukidwe kake. Ameneyo anali Hugo von Mohl wa ku Germany, mu 1856. Patangopita zaka zitatu, mu Seputembala 1859, David Livingstone ndi anzake anatulukira pamene Shire amachokera m'nyanja, kuno kwathu. M'gululo munali John Kirk, dokotala wa ku Scotland wa zaka 26, amene ntchito yake ina inali yotola zomera. Ulendo woyambawo sanakhalitse. Anabweranso mu 1861 atanyamulitsa boti kulambalala mathithi a Shire, n'kuyenda panyanja pafupifupi miyezi iwiri. Ndi pa ulendo umenewu pamene Livingstone anatcha malo amene pali mudzi wa Chembe kuti Cape Maclear, pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi ku Cape Town.

Ntchito ya Kirk inali yofuna kupirira. Kudula kanthambi kokhala ndi masamba, maluwa kapena zipatso, kukayala pakati pa mapepala, kupanikiza, kusintha mapepala akanyowa, kenako kulimbana ndi chiswe ndi nkhungu. Zina zinatayika. Mu Novembala 1860 bwato lake linagubuduka pa mathithi a Cahora Bassa mu Zambezi, zolemba ndi zojambula zake zambiri n'kupita ndi madzi. Zomera zimene zinapulumuka m'maulendo akewo zinkatumizidwa ku Kew, ku London, kumene William Hooker ndi mwana wake Joseph ankasonkhanitsa zomera za dziko lonse. Mu 1864 msuku wathu unalowa m'mabuku a sayansi ndi dzina la Uapaca kirkiana, ndipo chaka chomwecho Albert Günther analemba za nsomba za m'nyanja ino poona zikopa zouma zimene Kirk anatumiza. Kombe, ululu umene Amang'anja ankapaka ku mivi, nayenso anadutsa m'manja mwa Kirk, ndipo Thomas Fraser wa ku Edinburgh anadzatulutsamo mankhwala a mtima. Amene ankakwera m'mitengo, kusenza mitolo ndi kumuuza mzunguyo kuti uwu ndi mankhwala, uwu ndi wakupha, anali anthu akuda, koma mayina awo kawirikawiri sapezeka pa timapepala tomatidwa pa zomerazo. Chimenecho chimandinyansa mpaka lero.

Azungu obwera pambuyo pa Kirk analibe mpata woganiza za masamba. Mu Okutobala 1875 sitima ya Ilala inafika ku Cape Maclear ndi E. D. Young, Dr Robert Laws ndi anzawo kudzayamba mishoni ya Livingstonia. Malungo anawalandira. Dr William Black anamwalira mu 1877, enanso anatsatira, ndipo mu 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe. Manda awo alipobe ku Cape Maclear. Pamene iwo ankafika kuno panalibe amene ankadziwa chenicheni choyambitsa malungo. Ambiri ankati ndi mpweya woipa wa m'madambo. Mu 1880 Alphonse Laveran, dokotala wa asilikali a France ku Algeria, anaona kachilombo ka malungo m'magazi a wodwala, ndipo mu 1897 Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India. Kuchokera pamenepo maikulosikopu m'maiko otentha inasanduka chida cha dokotala.

Kuno zinayendanso chimodzimodzi. Linga la Fort Johnston, limene linadzabala tawuni ya Mangochi, linamangidwa mu 1891. Pofika 1899 akatswiri a malungo otumidwa ndi bungwe la Royal Society anali atafika ku Blantyre, ndipo kuyambira 1911 mpaka 1914 gulu la David Bruce linali m'dziko muno kufufuza kaodzera. Ku Fort Johnston kwenikweniko kunakhala zaka zambiri Dr W. A. Lamborn, amene ankafufuza udzudzu, kashembe ndi ntchentche. Kenako kunabwera a nsomba: Ethelwynn Trewavas ndi anzake mu 1939, Rosemary Lowe amene analimbana ndi kusiyanitsa mitundu ya chambo kuyambira 1945 mpaka 1947, ndipo pambuyo pake malo ofufuzira nsomba a ku Monkey Bay. M'nthawi yathu ino, pakati pa 1987 ndi 1990, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la CDC la ku America anatsata amayi oyembekezera oposa 4,000 m'boma la Mangochi, kupima magazi a mayi ndi a mwana pagalasi. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga Fansidar kukhala mankhwala oyamba a malungo. Za likodzo ndiye zosachita kunena: mazira ake akhala akuwerengedwa m'mikodzo ya ana a ku Chembe ndi midzi ina kwa zaka zambiri, ndipo mu 2017 m'gombe la Mangochi munapezeka nkhono yofalitsa likodzo la m'matumbo.

Zimenezi sindikuzidandaula. Mwana akuyaka thupi, palibe kholo lingati yambani mwapima chinangwa. Koma mwana yemweyo akachira amafuna phala, ndipo phala limachokera kumunda kumene mbewu ikulimbana ndi dzuwa la Mangochi, limodzi mwa maboma otentha kwambiri m'Malawi muno.

Pamene ife tinali pa magazi, kwina anthu anali kalikiliki kufuna njira yopimira kabowo ka tsamba, ndipo vuto lawo linali limodzi. Tsamba ndi lamoyo. Mukangolithyola, kuliika pamthunzi kapena kulipumira, timabowo timasintha, ndiye chimene mukachione pagalasi si chimene chinali kumunda. Francis Darwin, mwana wa Charles Darwin, anayesa kulambalala vutoli mu 1898 posepa kachidutswa kopyapyala ka nyanga n'kukagoneka patsamba: chinyezi chikamatuluka chambiri, kanyangako kankapindika. Mu 1911 iye ndi Dorothea Pertz anapanga chida china, kakapu ka galasi komatidwa patsamba, kokoka mpweya kudzera m'timabowo. Mpweya ukadutsa msanga ndiye kuti n'totseguka. Francis Lloyd, amene ankagwira ntchito m'chipululu cha Arizona, anasankha kuthamanga. Ankasenda khungu la tsamba lili pamtengo pomwepo n'kuliponya nthawi yomweyo m'sipiriti wopanda madzi, kuti maselo aume momwe analili, ndipo zimene anapeza anazifalitsa mu 1908. Mu 1961 kunabwera njira yodinda tsamba ndi labala wa silikoni, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu anaona kuti kyutekisi wa m'zala wopanda mtundu nayenso amadinda bwino.

Chomwe chimatupitsa maselo aja chinadziwika mochedwa. Akatswiri a ku Japan, Imamura mu 1943 ndi Fujino mu 1967, anaonetsa kuti ndi potaziyamu, mchere womwe uja wochuluka m'phulusa limene amayi amachezera chidulo. Akalowa m'maselo awiri aja amakoka madzi, kabowo n'kutseguka. Mu 1969 kunadziwikanso kuti tsamba likayamba kufota limachulukitsa mankhwala otchedwa ABA amene amalamula timabowo kutseka.

Njira ya kyutekisi ndi imene inandithandiza m'kalasi, ndipo ndiifotokoze bwinobwino poti ndi yotsika mtengo. Tinkatuluka ndi ana kupita kumunda wa kuseri kwa sukulu. Tsamba osalithyola. Mwana mmodzi aligwire kunsonga n'kulitembenuza, wina apake kyutekisi mopyapyala kunsi kwake, pamalo aang'ono, popewa mtsempha waukulu wa pakati. Ndi kutentha kwa kuno sachedwa kuuma. Akauma mumamata selotepi pamwamba, kusisita ndi chala, kenako kumatula mwapang'onopang'ono. Kachikopa koonekera kamatsatira selotepi, ndipo mumakamata pa kagalasi n'kulembapo dzina la mbewu, mbali ya tsamba ndi nthawi. Maikulosikopu yathu inali ya kalilole, yopanda magetsi, choncho tinkaiika patebulo pakhonde n'kumatembenuza kalilole mpaka kuwala kutalowa. Chimanga chimaoneka msanga: timabowo take tili m'mizere yowongoka kutsata utali wa tsamba, pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo maselo ake ndi owonda pakati, otupa kumapeto. Chinangwa chimavuta. Kunsi kwa tsamba lake kuli timatuza tambirimbiri, timabowo n'kubisala pakati pake, tating'ono koma tothithikana. Pamwamba mufufuza mpaka diso kuwawa osapeza kanthu. Mtsikana wina wa Folomu 3, atayang'ana nthawi yaitali osafuna kupatsa anzake mpata, anadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Sala, ndiye kuti chigwada chimene timasinja chija chimapumira kunsi?" Ndinamuyankha kuti eya, ndipo funso limenelo linatitengera phunziro lonse la tsikulo.

Kuwerenga sikufuna chida china koma lula ya pulasitiki yoonekera. Mumaiika pansi pa galasi lokuza ka 100 n'kuona kuti bwalo lowala lija ndi lotambalala bwanji; pa zida zambiri za kusukulu ndi pafupifupi milimita 1.8. Mukasinthira ku galasi lokuza ka 400, bwalolo limachepa kanayi, kufika pa milimita 0.45, ndipo malo onse amene diso likuona ndi pafupifupi 0.16 ya sikweya milimita. Mukawerengamo timabowo 20, ndiye kuti pa sikweya milimita pali pafupifupi 125. Muwerenge malo angapo, masamba angapo, mbewu zingapo, ndipo musasakanize tsamba la padzuwa ndi la pamthunzi chifukwa amasiyana. Kupima utali ndi kutseguka kwa kabowo ndi kumene kumafuna kagalasi ka timizere koikidwa koyang'anira, kamene mumayamba mwakafananiza ndi kagalasi kena kokhala ndi milimita yogawidwa ka 100. Masiku ano foni yogunditsidwa poyang'anira imajambula bwino ndithu, ndipo pulogalamu yaulere ya ImageJ imapima chithunzicho pa kompyuta.

Ndichenjeze pano. Kyutekisi ndi wodalirika powerenga ndi popima utali, koma pofuna kudziwa kuti kabowo kanatseguka motani amatha kunamiza, chifukwa salowa bwino m'mpata wopapatiza. Wofuna kuona kutseguka ndi kutseka ndi maso ake akazule khovani. Udzu umenewu, umene timautukwana popalira chifukwa sufa msanga, khungu la kunsi kwa tsamba lake limasendeka mosavuta, ndipo m'bale wake wotchedwa Commelina communis ndi amene ma labotale a ku Britain anaphunzirirapo zambiri za timabowoti. Thyolani tsamba mokhotetsa, kokani kakhungu koyera kotsalira m'mphepete, kaikeni m'dontho la madzi pa kagalasi, pamalo owala. Muona timabowo tili yasa. Kenako donthezani madzi amchere m'mbali mwa kagalasi kovindikira, n'kukoka ndi kapepala mbali inayo. Pakapita mphindi zochepa maselo aja amaphwa, timabowo n'kutsekeka inu mukuona. Mwana amene waona zimenezi safunikanso kuloweza chifukwa chimene feteleza wothiridwa pouma amawotchera mbewu.

Tsopano ndibwere ku chinangwa, chifukwa apa ndi pamene mbiri ya njala ndi nkhani ya timabowo zimakumana. Chinangwa ndi chimanga zonse ndi zobwera, kwawo ndi ku America, ndipo zinafika mu Africa ndi zombo za Apwitikizi. Anthu a m'mbali mwa nyanja anachilandira chinangwa chifukwa chimalola mchenga ndipo chimadikira m'nthaka mpaka mwini atachifuna. Njala ya 1949 itasautsa chigawo cha kumwera, boma la atsamunda linalimbikira kuti mabanja azikhala ndi munda wa chinangwa wodzitetezera. Onse, boma ndi alimi, ankadziwa kuti chimapirira chilala, koma chifukwa chake chinadzafotokozedwa bwino ku Colombia. Mu 1984 Mabrouk El-Sharkawy ndi James Cock a bungwe la CIAT anaonetsa kuti chinangwa chimatseka timabowo take msanga mpweya ukangouma, ngakhale nthaka ikadali ndi chinyezi. Sichidikira kuti madzi athe. Chimamwa pang'onopang'ono, masana chimagwetsa masamba pansi kuzemba dzuwa, zikavutitsitsa chimayoyola akale n'kutsala ndi a kunsonga, mvula ikabwera n'kuphukanso.

Chimanga chilibe kudekha kumeneko. Chimapinda masamba inde, chimatsekanso timabowo, koma ng'amba ikachipeza chikumasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu, mungu ndi ndevu zimaphonyana, chisononkho n'kutuluka cha maso apatalipatali. Tinaziona mu 1992, tinazionanso mu 2016, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Mbewu zopirira chilala zikubwera, mlangizi amatiuza mayina ake, ife timalandira. Koma chimanga cha makolo, mapira, mchewere ndi khobwe zimene amayi a ku Makanjira, Malindi ndi Nankumba akhala akusunga m'nkhokwe ndi m'zikwatu, zinasankhidwa ndi dzuwa la konkuno kwa mibadwo. Ndikufuna masamba a mbewu zimenezo apimidwe, zotsatira zake zilembedwe, mbewuzo zisanathe.

Pali chinanso chimene chimapangitsa masamba a Kirk aja kukhala chuma. Tsamba louma bwino limasunga timabowo take zaka mazana. Mu 1987 F. Ian Woodward wa ku Cambridge anatenga masamba akale a mitundu 8 ya mitengo ya ku Britain, osungidwa m'nyumba ya zomera zouma, n'kuwerenga timabowo take. Anapeza kuti pa zaka 200 tinachepa ndi magawo pafupifupi 40 pa 100. Chifukwa chake ndi mpweya wa carbon dioxide umene wachuluka m'mlengalenga: ukakhala wambiri, mitengo yambiri imapanga timabowo tochepa. Mafakitale asanayambe, mpweyawu unali magawo pafupifupi 280 pa miliyoni. Lero wadutsa 420. Ndiye taganizani: tsamba limene linathyoledwa m'mbali mwa Shire kapena m'gombe la nyanja ino mu 1859 kapena 1861 likadali ndi chiwerengero cha nthawi imeneyo. Mtengo wa mtundu womwewo ulipo lero pamalo omwewo. Kufananiza ziwirizi ndi ntchito yotheka, ndipo ndimalakalaka itagwiridwa ndi mwana wobadwira konkuno. A ku Kew akhala akujambula zomera zawo n'kuziika pa intaneti, zomwe n'zothandiza podziwa chimene chili kumeneko, koma chithunzi chotero sichionetsa kabowo. Pamafunika tsamba lenilenilo.

Si zonse zili kunja. Ku Zomba, ulendo wa maola ochepa pa minibasi kudzera pa Liwonde, kutola zomera kunayamba kalekale. Alexander Whyte, amene anafika m'dziko muno mu 1891, ndiye anatola mkungudza wa ku Mulanje umene umadziwika ndi dzina lake. Jessie Williamson, yemwe anayenda m'midzi pa kafukufuku wa zakudya wa 1939, anatulutsa buku la zomera zothandiza za dziko lino mu 1955, lokhala ndi mayina a m'zinenero zathu, ndipo linakonzedwanso mu 1975. Mabuku a Flora Zambesiaca, ofotokoza zomera za chigawo chino cha Africa, anayamba kutuluka mu 1960. Mu 1987 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene limasunga zomera zouma za dziko lino ku Zomba komweko. Pokayambira palipo.

Ngakhale mlambe, umene Mangochi amadziwika nawo, wapimidwapo kale kwina. Mu 2010 Aida Cuni Sanchez ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ku Benin: milambe ya kumpoto kouma inali ndi timabowo tochuluka koma tating'ono poyerekeza ndi ya kumwera kwa mvula yambiri. Pambuyo pake iye ndi Sebastiaan De Smedt anafananiza mbande za milambe ya ku Mali ndi ya ku Malawi, n'kupeza kuti sizilimbana ndi chilala mofanana. Ku Madagascar ofufuza anaona kuti mlambe umaphukitsa masamba atsopano ndi madzi osungidwa m'thunthu mvula isanagwe, koma timabowo umatisunga totseka mpaka mvula itafika. Malambe lero ndi malonda, ufa wake ukupita mpaka ku Ulaya, pomwe timitengo tating'ono tikudyedwa ndi mbuzi. Ngati tikufuna kubzala ina, tiyenera kudziwa kuti mbewu ya mlambe uti ikuyenera dera liti.

Chimene chimatchinga si kusowa kwa zida kokha. Pasukulu ina imene ndinaphunzitsapo panali maikulosikopu zabwinobwino zimene zinabwera ngati mphatso, koma zinkakhala m'makatoni mu ofesi, kiyi ali m'thumba la munthu mmodzi, poopa kuti ana aziwononga. Zinkatulutsidwa mayeso a Folomu 4 akayandikira. Pofika nthawiyo chinyezi cha kunyanja chinali chitameretsa nkhungu m'magalasi, moti zina sizinagwirenso ntchito. Ana ankajambula kabowo ka tsamba mokongola kuchokera m'buku, kulemba mayina a ziwalo zake osaphonya, koma asanakaonepo, pomwe kunja kwa windo kunali munda wa chinangwa. Chida chimene chikugwira ntchito, kupukutidwa ndi kuikidwa pouma, chimakhalitsa kuposa chotsekeredwa.

Aphunzitsi anzanga a ku Mangochi, Monkey Bay, Namwera ndi Makanjira, tulutsani zidazo chilimwe chino. Botolo limodzi la kyutekisi woyera ndi selotepi mmodzi zimakwanira kalasi yonse. Sankhani mlambe, msangu kapena bwemba wa pafupi ndi sukulu, ndi mbewu ziwiri kapena zitatu za m'minda ya makolo a anawo. Lembani m'kope lachikuto cholimba dzina la mbewu monga amaitchulira eni ake, mudzi, tsiku, nthawi, chiwerengero, ndi dzina la mwana amene wapima. Tsamba limodzi liumitseni pakati pa nyuzipepala n'kulisunga pamodzi ndi kopelo. Chaka chamawa mudzabwerezenso pa mtengo womwewo, ndipo mukasamutsidwa, kopelo mudzasiyire amene akulowa m'malo mwanu.